Uta wa Ishi ndi Alenje Amene Anauphunzira

Kumapeto kwa Ogasiti 1911, agalu a pamalo ophera ng'ombe pafupi ndi tawuni ya Oroville, ku California, anauwa munthu wowonda kwambiri amene anali atabisala m'mbali mwa khola. Sankamva Chingerezi, ndipo panalibe womva chilankhulo chake. Anali womaliza wa mtundu wa Yahi, anthu amene anatha ndi mfuti, njala ndi matenda kuyambira pamene azungu ofuna golide anakhamukira m'dera lawo mu 1849. Kwa zaka zoposa 40 iye ndi abale ake ochepa anakhala mobisala m'zigwa za Deer Creek. Alfred Kroeber, katswiri wa zachikhalidwe pa University of California, anamutcha Ishi ndi kumupezera malo ogona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku San Francisco.

Ulenje wa uta ndi muvi umene anthu mamiliyoni amachita ku America masiku ano unaphukira pa munthu ameneyu. Pafupi ndi nyumba imene ankakhalayo panali chipatala cha yunivesite, ndipo mmodzi wa madokotala ake, Saxton Pope, anamuona tsiku lina akuponya mivi pabwalo. Dokotalayo anapempha kuti ayeseko. Kuyambira pamenepo odwala anali ndi mnzawo wolimbirana naye nthawi ya Pope.

Pope analemba mwatsatanetsatane zonse zimene anaona. Uta wa Ishi unali waufupi, wa masentimita pafupifupi 107, wosemedwa ku mtengo wa juniper wa m'mapiri. Kumsana kwake ankamatako mitsempha ya gwape, atayamba waitafuna kuti ifewe, ndipo zomatira ankazipeza powiritsa khungu la nsomba ya salmon. Nsonga za utawo ankazipindira pang'ono kutsogolo pozitenthetsa pamwala wamoto. Kuukoka kunkafuna mphamvu yofanana ndi kunyamula makilogalamu 20, ndipo muvi unkafika mamita pafupifupi 180. Koma nthawi yambiri ya Ishi inkathera pa mivi, osati pa uta. Ankadula timitengo towongoka, n'kutimanga mtolo kuti tiume kwa miyezi, kenako n'kuwongola kalikonse pamakala, akukayang'ana ndi diso limodzi n'kukagudubuza pantchafu. Mitu ya mivi ankaisema ku mwala wonyezimira wa obsidian, ndipo atafika m'tawuni anapeza kuti galasi la botolo limasemekanso bwino.

Kaponyedwe kake kanali kachilendo kwa azungu. Uta ankaugwira mopendeketsa, nsinga n'kuikoka ndi chala chachikulu, ndipo nthawi zambiri ankaponya atanjuta. Pa chandamale chozungulira cha mipikisano sankachita bwino, moti Pope anamuposa pasanapite nthawi yaitali. Kuthengo zinali zina. Ishi ankaitana kalulu poika zala pamilomo n'kutulutsa kulira kwa kalulu wogwidwa. Asanapite kukasaka sankadya nsomba kapena kusuta fodya, ankasamba mumtsinje, ndipo ankayenda moyang'anizana ndi mphepo. Ankatha kukhala phee kwa nthawi yaitali mpaka gwape atafika pafupi kwenikweni, pamtunda woti muvi sungaphonye. Mu 1914 anatsogolera Pope ndi Kroeber kwawo ku Deer Creek, kumene anawaonetsa kuwenda nyama pamalo amene anakulira.

Anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 25 Malichi 1916. Zimene zinatsatira n'zochititsa manyazi: mtembo wake unang'ambidwa ngakhale kuti iye ankadana nazo kwambiri zoterozo, ubongo n'kutumizidwa ku Smithsonian Institution, kumene unakhala mpaka mu 2000 pamene unabwezedwa kwa mitundu yachibale kuti ukaikidwe m'manda. Anthu amene ankamutcha bwenzi sanamuteteze pa chinthu chimodzi chimene anawapempha.

Pope anapitiriza ndi anzake awiri, Arthur Young ndi Will Compton. Chodabwitsa n'chakuti uta wa Ishi sanautengere. Iwo anasankha uta wautali wa Angerezi, wa mtengo wa yew, wolimba kuposa wa mphunzitsi wawo, n'kumakoka nsinga ndi zala zitatu. Chimene anatenga kwa Ishi ndi nzeru ya kuthengo. Mu 1920 Pope ndi Young analasa zimbalangondo zazikulu ku Yellowstone ndi chilolezo, kuti zikaikidwe m'nyumba ya California Academy of Sciences. Mu 1923 Pope anatulutsa buku lakuti Hunting with the Bow and Arrow, ndipo mu 1925 iye ndi Young anapita ku Tanganyika kukasaka mikango. Ulendo umenewo sunali wa ulemerero wokhawokha, chifukwa mikango ingapo inachita kumalizidwa ndi mfuti za anzawo. Pope anamwalira chaka chotsatira.

Filimu ya maulendo a Young ku Alaska ndi imene inafika ku Detroit mu 1927, n'kuonedwa ndi mnyamata wa zaka 25 wogwira ntchito m'makampani a magalimoto, dzina lake Fred Bear. Anatuluka m'nyumba ya kanema mtima uli pa uta. Anadzakumana ndi Young mwiniwake, n'kuphunzira kwa iye kupanga mauta ndi mivi, ndipo mu 1933 anatsegula kampani yake. Boma la Wisconsin linapatula nyengo yosaka gwape ndi uta wokha mu 1934, la Michigan n'kutsatira mu 1937, ndipo makasitomala anayamba kuchuluka.

Pa nthawi yomweyo akatswiri a sayansi analowerera. Funso limene linkawasowetsa tulo linali lakale: muvi ukakhala pambali pa uta, nsonga yake imaloza kumbali, nanga umafika bwanji pamene munthu waloza? Clarence Hickman, katswiri wa fizikisi amene anagwirapo ntchito ndi Robert Goddard wa maroketi, anajambula muvi ndi kamera yothamanga kwambiri m'zaka za m'ma 1930. Zithunzizo zinaonetsa kuti muvi suchoka pauta uli chiwongokere. Nsinga ikamapulumuka pazala imakankhidwira pambali, muvi umapindika, n'kuzungulira chogwirira cha uta, n'kupitiriza kugwedezeka uku ndi uku mpaka nthenga zitaukhazika. Choncho muvi uyenera kupindika pamlingo wogwirizana ndi uta wake. Wolimba kwambiri, kwa munthu wokoka ndi dzanja lamanja, umagwera kumanzere. Wofewa kwambiri umagwera kumanja.

Zimene Ishi ankamva ndi zala popinda kamtengo zinasanduka nambala. Opanga mivi yamatabwa anayamba kugoneka muvi pazochirikiza ziwiri zotalikirana mainchesi 26, n'kupachika mapaundi 2 pakati, n'kuyeza kuti wapindika bwanji. Doug Easton, wa ku California, anayamba kupanga mivi ya aluminiyamu, imene inkatuluka yofanana ndendende. Mu 1947 Hickman, Paul Klopsteg ndi Forrest Nagler anasonkhanitsa zolemba zawo m'buku lakuti Archery: The Technical Side. Klopsteg anali atalembanso kale za uta wa anthu a ku Turkey, wopangidwa ndi nyanga, mtengo ndi mitsempha, umene nsonga zake zimapindikira kutsogolo. Mpangidwe umenewu, umene Asikuti ndi Amongoli ankaudziwa kalekale, umasunga mphamvu zambiri mu uta waufupi, chifukwa nsongazo zimatambasuka pokoka n'kubwerera mwaliwiro. Vuto lake linali lakuti kuupanga kunkatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo chinyezi chinkauwononga.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, fiberglass ndi zomatira zatsopano zinathetsa vutoli. Timatabwa topyapyala ta mtengo wa maple pakati, fiberglass mbali zonse ziwiri, zonse n'kupanikizidwa m'chikombole chotentha: uta wa nsonga zopindikira kutsogolo, wotchedwa recurve, unayamba kutuluka mwaunyinji. Bear anasamutsira fakitale yake ku Grayling mu 1947. Mmisiri wake wamkulu, Nels Grumley, amene ankasema uta uliwonse ndi manja, sanagwirizane ndi zopanga mauta ndi makina, ndipo anachoka. Mauta oyambirira okhala ndi aluminiyamu mkati ankathyoka, moti kampani inaluza ndalama zambiri posinthira ogula. Koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1950, uta wa Bear wotchedwa Kodiak unali m'manja mwa alenje m'dziko lonselo, ndipo mu 1956 kunabwera mutu wa muvi wotchedwa Razorhead. Choncho uta umene ku America amautcha "wamakolo" lero ndi wa fakitale, wa msinkhu umodzi ndi wailesi ya transistor.

M'zaka zimenezi ndi pamene kakonzedwe ka uta kanakhazikika kukhala mwambo wophunzitsana. Mlenje amayamba ndi mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira, umene pa recurve zambiri umakhala mainchesi 7 mpaka 9. Akapota nsinga imafupika ndipo mpatawo umakula. Amapota, n'kuponya, n'kumvetsera, mpaka atapeza pamene uta sukulira kwambiri komanso sukunjenjemera m'dzanja. Kenako amayang'ana pamene thako la muvi limakhala pansinga, pamwamba pang'ono pa mzere wopingasa. Pakalakwika, muvi umauluka ukudumphadumpha m'mwamba ndi m'munsi. Mayeso osanama ndi kuponya muvi wopanda nthenga limodzi ndi ya nthenga. Nthenga zimabisa zolakwa, pamene muvi wopanda nthenga umapita kumene kupindika kwake kwautuma. Ukaonetsa kuti ndi wolimba, amauika mutu wolemera. Ukaonetsa kufewa, amaudula pang'ono kapena kupeputsa mutu. Izi zimafunika kwambiri kwa mlenje kuposa wa mipikisano, chifukwa mutu wa mipeni umagwira mphepo n'kuyamba kulimbana ndi nthenga pa zowongolera muvi, ndipo muvi wofika chopendekera sulowa mozama.

Phokoso nalo si nkhani yaing'ono. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene muvi wa recurve umayenda mamita 50 kapena 55. Gwape amamva kulira kwa nsinga muvi usanafike, n'kugwada kuti adumphe, muvi n'kudutsa pamwamba pa msana kapena, choipa kwambiri, n'kumulasa pamalo osapha. N'chifukwa chake alenje amamanga timiyulu ta ubweya pansinga, ndiponso chifukwa chake ambiri saponya kupitirira mamita 20.

Pa kaimidwe ka thupi, aphunzitsi amabwereza zinthu zochepa zomwezo: dzanja logwira uta lisaufinye, kukoka kuchokere m'minofu ya msana osati m'mkono, chala chapakati chifike pangodya ya pakamwa nthawi iliyonse, zala zingomasuka osati kutaya nsinga, ndipo maso akhale pa kadontho kamodzi kuseri kwa phewa la nyama, osati pa nyama yonse. Chimene chimawononga ambiri ndi kugula uta wolimba kuposa mphamvu zawo. Munthu amene akulimbana ndi makilogalamu 30 amamasula nsinga isanafike pakamwa, ndipo kutalika kwa kakokedwe kukasinthasintha, muvi umene unali woyenera dzulo umaoneka wolimba lero. Palibe angakonze muvi pa thupi losakhazikika. Bear mwiniwake ankaponya ndi dzanja lamanzere, uta ataupendeketsa, n'kumasula nsinga itangokhudza nkhope. Iye zinkamuyendera, koma ambiri omutsanzira anangotengerapo kupupuluma.

Mu 1961 Glenn St. Charles ndi anzake anakhazikitsa Pope and Young Club, yosunga mbiri ya nyama zolasidwa ndi uta komanso malamulo osaka mwachilungamo. Dzina la Ishi silinalowe pa chikwangwani, ngakhale kuti bungweli linadzatcha mphoto yake yapamwamba dzina lake.

Ufumu wa recurve sunakhalitse. Holless Wilbur Allen, wa ku Missouri, anadula nsonga za uta n'kuikapo timawilo, ndipo analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1969. Uta wa timawilo umapepuka ukakokedwa mpaka kumapeto, moti munthu amatha kudikira akuloza mosatopa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 unali utalanda msika, ndipo fakitale ya Bear inasamukira ku Gainesville, ku Florida, mu 1978. Bear anamwalira mu 1988, chaka chimene G. Fred Asbell anatulutsa buku lake lakuti Instinctive Shooting, lophunzitsa kuponya popanda choloza nacho. Anthu otopa ndi zitsulo anayamba kubwerera ku uta wa nsinga imodzi.

Phunziro lalikulu lotsatira linachokera kum'mwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1980, pamene akuluakulu a zanyama ku Natal ankafuna kudziwa ngati uta ungaloledwe posaka, Ed Ashby, dokotala wa maso wa ku America, anathandiza kuyeza mmene mivi yosiyanasiyana imalowera m'matupi a nyama kumalo otetezedwa a Mkuzi. Funsoli linali lolemera chifukwa muvi wa mlenje wamakono supakidwa ulembe. Alenje a m'chigwa cha Shire, amene John Kirk anawaona m'masiku a Livingstone, ankadalira ulembe wa kombe kuti uimitse mtima wa nyama ngakhale bala litakhala laling'ono. Wa recurve amadalira kuthwa kwa chitsulo ndi kutaya magazi basi, choncho muvi uyenera kupyola nthiti n'kufika m'mapapo. Ashby anapitiriza kafukufukuyu kwa zaka zambiri, mpaka pa njati za ku Australia, ndipo anapeza kuti liwiro si limene limathyola fupa. Chofunika ndi muvi wosathyoka, wouluka chiwongokere, wolemera kutsogolo, wa mutu wa mipeni iwiri wautali ndi wopyapyala. Anaona kuti muvi ukafika magalamu pafupifupi 42, mwayi wopyola fupa lalikulu umakwera kwambiri, ndipo mutu wonoledwa mbali imodzi umazungulira polowa n'kung'amba fupalo. Alenje ambiri a recurve amene ankapeputsa mivi kuti athamange ngati anzawo a timawilo anabwerera ku mivi yolemera, n'kuvomereza kuti yolemerayo imagwa msanga ndipo imawakakamiza kuyandikira nyama kuposa kale.