Chilonda cha Buruli ndi Ulendo Wake Wokafika Pafupa

Pamene Robert Koch ankatulukira kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ka khate kanali katadziwika kale. Koma banja la tizilomboti ndi lalikulu, ndipo abale ena okhala m'madzi ndi m'dothi anatenga nthawi kuti aonekere poyera.

Mu 1897, dokotala wamishoni Albert Cook, wa pachipatala cha Mengo ku Kampala, analemba za odwala obwera ndi zilonda zikuluzikulu zosamva mankhwala. Gwero lake sanalipeze. Panapita zaka 51. Mu 1948, Peter MacCallum ndi anzake ku Australia anafotokoza za odwala 6 a zilonda zoterezi ochokera cha ku Bairnsdale, ndipo anagwira kachilombo kozichititsa, komwe lero timati Mycobacterium ulcerans. Kankakana kumera pa madigiri 37, kutentha kwa m'kati mwa thupi, koma kankakondwa pa 30 mpaka 33. N'chifukwa chake kamakonda khungu la mikono ndi miyendo. Dzina loti Buruli linadza m'ma 1960, matendawa atachuluka m'dera la Buruli ku Uganda, kufupi ndi mtsinje wa Nile.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chilondachi sichipweteka poyamba. Mwana amatuluka kachotupa kolimba pamsongolo, amapitabe kusukulu, amakasewerabe kudambo. Khungu likaphulika, pakamwa pa chilonda pamaoneka pang'ono, koma pansi mnofu unadyeka kale. Kholo lingathamangire bwanji kuchipatala mwana asakulira? Chinsinsichi chinaululika mu 1999, pamene gulu la Pamela Small linapeza poizoni wa kachilomboka, mycolactone, yemwe amapha mnofu, kufooketsa chitetezo cha thupi ndi kuziziritsa ululu. Pochedwa choncho, matenda amalowa m'fupa la pansi pa chilonda, ena n'kukatulukira m'mafupa akutali.

Kwa zaka zambiri chithandizo chinali mpeni basi: kudula mnofu wowola, kupala fupa, kumata khungu lochotsedwa pena, nthawi zina kudula mwendo. Bungwe la WHO linayamba ndawala yolimbana ndi matendawa mu 1998, atavuta ku Benin, Ghana ndi Côte d'Ivoire. Mu 2004 linavomereza rifampicin ndi jakisoni wa streptomycin kwa milungu 8. Jakisoniyo ankagonthetsa ena makutu, ndipo tsopano m'malo mwake muli mapiritsi a clarithromycin.

Wobwera kachotupa kasanaphulike kawirikawiri amachira ndi mapiritsi okha. Amene fupa lagwidwa kale amafunikabe opaleshoni, kenako miyezi yambiri yowongola bondo kapena chigongono chomwe chipsera chachikoka.