CHIKOMBOLE CHA ZIPOLOPOLO NDI NKHONDO ZA PA MPATA WA MICHESI

Lero tikupita ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Ambiri a inu mumalidziwa phirili chifukwa cha napolo amene anatsika m'mwezi wa Malichi 1991 nakokolola midzi ndi anthu omwe. Koma nkhani yathu ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo ikukhudza kachipangizo kamene munthu akhoza kukafumbata m'dzanja limodzi: chikombole choumbira zipolopolo.

Pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje pali mpata. M'zaka za m'ma 1800 mpata umenewu unali njira ya amalonda opita ku Quelimane ndi kumadoko ena a kunyanja yamchere. Popita ankasenza minyanga ya njovu, akutsogoza akapolo m'magoli. Pobwera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu ndiwo anali ndi mphamvu m'dera la Mulanje, ndipo mphamvu yawo inagona pa mfuti.

Mfuti zake zinali zimene makolo athu ankazitcha gogodela. Zambiri zinapangidwa ku Birmingham, ku Mangalande, kuti zigulitsidwe mu Afirika. Zina zinali zakale zimene asilikali a ku Ulaya anazileka. Mlenje ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsindira ndi kachitsulo kakatali. M'kati mwa mpope wake munali mosalala ngati bango. Tsono kuti chipolopolo chikagwe pamene munthu walozetsa, chinayenera kukhala chobulungira bwino, cholemera, ndi chokwana mumpopemo. Apa ndipo panali ntchito ya chikombole.

Inu amene mumaumba njerwa mukudziwa kuti njerwa imatenga maonekedwe a chikombole chake. Chikombole chikapotoka, khoma nalonso lipotoka. Cha zipolopolo chinali chachitsulo kapena chamkuwa, chooneka ngati chopanira cha wosula. Kumapeto kwake kunali timaenje tiwiri, ndipo mukachitseka timaenjeto tinkapanga malo a kampira kamodzi, n'kutsala kachibowo kothirirapo mtovu. Mtovu ndiwo unasankhidwa chifukwa ndi wolemera ndiponso umasungunuka pa madigiri 327 okha, kutentha kumene moto wa nkhuni umafika, pamene chitsulo chimafuna madigiri oposa 1,500.

Chikombole chilichonse chinali ndi msinkhu wake. Angerezi ankawerenga kukula kwa mfuti poona kuti ndi zipolopolo zingati zokwana m'menemo zimene zingatuluke mu paundi imodzi ya mtovu: zikatuluka 12, mfutiyo ndi ya nambala 12, zikatuluka 4, ndi chimfuti cha njovu. Frederick Selous, pamene ankasaka njovu kumwera kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1870, ankawombera mfuti ya nambala 4. Alenje otere sankayenda opanda chikombole cha mfuti yawo, ndipo ena ankasakaniza mtovu ndi tini kuti chipolopolo chilimbe ndi kuswa fupa. Ngakhale timfuti ta m'manja ta Samuel Colt tinkagulitsidwa m'kabokosi pamodzi ndi chikombole chake, chokhala ndi malo awiri, ena a chipolopolo chobulungira, ena a chosongoka. Opanga mfuti ankadziwa kuti mfuti ndi chikombole ndi mtondo ndi munsi.

Mfuti za asilikali zinali ndi vuto lina. Wonga wakuda umasiya mwaye wambiri, kotero kuti mukawombera kangapo mpope umayamba kuthina. Chifukwa cha ichi, mfuti yakale ya Angerezi yotchedwa Brown Bess, imene mpope wake unali wa mamilimita pafupifupi 19, inkapatsidwa dala chipolopolo cha mamilimita 17.5. Cholowa msanga, inde. Koma potuluka chinkagunda uku ndi uku, ndipo kupitirira mamita 100 munthu ankangodalira mwayi.

Ngati zinali tero ndi chipolopolo choumbidwa bwino, nanga kuno kwathu kunali bwanji? Mfuti inkafika ku Michesi itadutsa m'manja ambiri, yogulidwa ndi mnyanga kapena ndi munthu wamoyo, ndipo kawirikawiri inkafika yopanda chikombole. Mfumu imodzi inkatha kukhala ndi mfuti za misinkhu yosiyanasiyana, moti chikombole chimodzi sichikanakwanira zonse. Mtovu nawo unali katundu wolemera, woyenera kusenzedwa pamutu kuchokera kudoko. Apa osula athu anaonetsa luso lawo. Anthu amene ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo anayamba kudula chitsulo m'tizidutswa ndi kutisula pachipala kuti tikhale zipolopolo. Zikasowa, anthu ankaikamo zidutswa za waya kapena timiyala. Osula omwewo ndiwo ankakonza mfuti zikathyoka, ndipo ntchito imeneyi tisaipeputse. Koma nyundo singabulungize monga chikombole. Chipolopolo chachitsulo chimapepukanso pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi chamtovu cha msinkhu womwewo, choncho chimataya liwiro msanga. Komanso chimakanda mpope. Munthu akawonjeza wonga kuti chifike patali, nthawi zina mfuti inkaphulikira m'manja mwake.

M'zaka zomwezo ku Ulaya zinthu zinali kusintha, ndipo kusinthako kunayambira pa maonekedwe a chipolopolo. Akatswiri ankadziwa kale kuti mizere yopota m'kati mwa mpope imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika, koma chipolopolo chothina chinali chovuta kutsindira. M'chaka cha 1849 Mfalansa wina, Claude-Étienne Minié, anakonza chipolopolo chosongoka chokhala ndi dzenje kumbuyo. Chinkalowa mosavuta, koma wonga ukaphulika kumbuyoko kunkafufuma n'kugwira mizere ija. Angerezi anatengera nzeruyi mu mfuti ya Enfield ya 1853. M'chaka cha 1866 anabweretsa Snider, yoikira chipolopolo kumbuyo, ndipo mu 1871 Martini-Henry. Msilikali sanafunikenso kuumba kanthu: wonga ndi chipolopolo zinkachokera kufakitale zili pamodzi, zonse za msinkhu umodzi. Wa gogodela akawombera kawiri kapena katatu, wa Snider anali atawombera pafupifupi kakhumi, ali chigonere kuseri kwa mwala.

Maiko a ku Ulaya anaonetsetsa kuti kusiyanaku kusathe. Pangano la ku Brussels la 1890, limene linati cholinga chake ndi kuthetsa malonda a akapolo, linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Afirika, n'kungolola mfuti zakale zothethetsa ndi mwala, ndi wonga wamba. Lamuloli linamanga manja a wogulitsa akapolo, komanso linamanga manja a mfumu iliyonse imene ikanafuna kukana ulamuliro wa atsamunda.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston anayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi, ndipo nkhondo yake yoyamba inali ya ku Mulanje, pamene Captain Cecil Maguire ndi asilikali ochokera ku India anathira nkhondo Chikumbu. Musaganize kuti gogodela inali ndodo chabe. M'mwezi wa Disembala 1891 anthu a Makanjira anapha Maguire yemweyo m'mbali mwa nyanja, ndipo kumayambiriro kwa 1892 Jalasi anathamangitsa asilikali a boma ku phiri la Mangochi nawalanda mzinga. M'matanthwe ndi m'zitsamba, pamene adani akuonana maso ndi maso, chidutswa cha chitsulo chinkapha ndithu, ndipo bala lake linali loipa. Koma poyera, pamene mtunda watalika, wa gogodela ankagwa asanafike pamene mfuti yake ingalase.

Pofuna kutseka njira ya ku Quelimane, Angerezi anamanga linga la Fort Lister pa mpata wa Michesi m'chaka cha 1893, ndipo m'chaka chomwecho anamenyana ndi Mkanda. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895, chaka chimene Kawinga ndi Jalasi anagonjanso. Njira ya akapolo itatsekeka, lingalo linatha ntchito, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi linasiyidwa. Gogodela zinatsala m'midzi ngati mfuti zosakira nguluwe ndi kupirikitsira anyani m'minda, koma tsopano zofuna laisensi ya boma. M'Malawi wodzilamulira, lamulo la mfuti la 1967 linapitiriza kuletsa munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo. Mabwinja a Fort Lister ali m'gulu la malo a mbiri amene boma limateteza, ndipo m'chaka cha 2011 analembedwa pamodzi ndi njira zina za akapolo pa mndandanda wa malo amene Malawi anapereka ku bungwe la UNESCO.