Asangalatsi Amene Tinawadziwa ndi Khutu



M'maiko ena, anthu achikulire akakhala pansi kukumbutsana zakale, nkhani imene sichedwa kutuluka ndi ya wailesi yakanema. Amatchulirana maina a masewero amene ankaonera ali ana, ndi kufunsana kuti kodi uje ankatiseketsa uja anathera kuti. Anzathu a ku Zimbabwe, dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia, anayamba kuonera wailesi yakanema m'chaka cha 1960. Ku Zambia inayambira ku Kitwe m'chaka cha 1961, ndipo ku South Africa inafika mu 1976. Ife kuno tinadikira kufikira pa 1 Epulo 1999, tsiku limene Television Malawi inatsegulidwa. Motero munthu amene anathyola tiyi ku Thyolo kwa zaka makumi atatu, napuma ntchito m'chaka cha 1995, anafika pomera imvi asanaonepo sewero la dziko lake pa galasi. Komabe mukamfunsa za asangalatsi a m'nthawi yake, sasowa poyambira. Amawatchula maina, amayeserera mayankhulidwe ao, ngakhale kuti nkhope zao sanazione. Nkhani yathu lero ndi ya asangalatsi amenewa, ndi njira imene anadzera kuti afike m'malaini a m'minda ya tiyi.

Tiyambe ndi omverawo. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo patapita zaka anafalikira ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo. Esiteti ya Satemwa inatsegulidwa mu 1923, ndipo panalinso ina monga Conforzi, Naming'omba, Makwasa ndi Bandanga. Ambiri mwa anthu amene anagwira ntchito m'mindayi anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene anathawa nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo abwino ali m'manja mwa eni maesiteti, kotero kuti pofuna pomanga nyumba ankalipira ndi thukuta lao. Imeneyi ndiyo inali thangata, imene inathetsedwa m'chaka cha 1962. Tsiku la munthu wothyola tiyi linkayamba mame asanakamuke. Dengu kumsana, kapitawo pambuyo, sikelo kutsogolo. Akamaliza mgwazo wake, chimene chinkamtsalira ndi madzulo okha, ndipo madzulowo ankawadzaza ndi nthano, ng'oma za tchopa ndi macheza a pabwalo.

Zithunzi zoyenda zinawapeza anthuwa wailesi isanafale. Kuyambira m'chaka cha 1948 kunali bungwe la Central African Film Unit, limene linkajambula mafilimu ophunzitsa anthu akuda a m'maiko atatu a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Galimoto linkafika pabwalo, nkumanga chinsalu choyera, nkuliza injini yake ya magetsi, ndipo anthu ankakhamukirako ndi ana kumsana. Titalandira ufulu, a zaulimi anapitiriza mwambowu ndi magalimoto ao achikasu aja, amene ankaonetsa kanema ndi masewero a zidole. Koma kanema wotere anali mlendo. Ankabwera lero, nkudzaonekanso patapita miyezi. Munthu sungazolowerane ndi msangalatsi amene umakumana naye kamodzi pa chaka.

Chimene chinasintha zinthu ndi kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, ndiye anavutikira kupeza kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, ndipo kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. Thupi lake linali ngati sefuliya yopaka utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5, batire padera. Kwa wothyola tiyi, amenewo anali malipiro a miyezi ingapo. Oyamba kugula anali makalaliki, aphunzitsi, akapitawo ndi amene anabwerako ku Joni kapena ku Harare. Koma wailesi siimveredwa ndi mwini yekha. Ikalira pakhonde la kalaliki, laini yonse inkabwera ndi mipando yake. Mawu ankachokera ku Lusaka, ku nyumba ya Central African Broadcasting Station, ndipo china mwa zinenero zake chinali Chinyanja.

Tisaganize kuti anthu anailandira ndi manja awiri nthawi zonse. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, chaka chomwecho chimene ku Thyolo kunabuka chipolowe pa nkhani za malo ndi thangata, ambiri ankaiona wailesi ngati pakamwa pa boma limene sankalifuna. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, analemba m'buku lake lotchedwa Wayaleshi kuti aulutsi ena achikuda anafika ponamiziridwa kuti ndi anamapopa. Chikhulupiriro cha omvera chinachita kupezedwa pang'onopang'ono.

M'chaka cha 1964 kunabadwa Malawi Broadcasting Corporation, ndipo mu 1968 boma linalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zizimveka pa wailesi. Mawailesi a Nzeru, opangidwa mu Blantyre momwemu, anatsitsa mtengo kotero kuti ngakhale wantchito wamba akasunga makobidi ankatha kugula. Kwa zaka zoposa makumi atatu dziko lonse linali ndi nyumba imodzi ya mphepo, ndipo Radio 2 inadzabwera mu 1997. Taganizani tanthauzo lake. Sewero likamaulutsidwa, wa ku Makwasa, wa ku Nkhotakota ndi wa ku Karonga ankaseka nthabwala imodzi pa mphindi imodzi. M'mawa mwake m'mizere ya tiyi nkhani inali yomweyo.

Dzina loyamba pa mndandanda wa asangalatsi amenewa ndi la Smart Likhaya Mbewe, mwini wake wa sewero la Kapalepale, limene linkamveka sabata ndi sabata kwa zaka zambirimbiri, ndiponso la Pamajiga. Anthu ambiri dzina lake lenileni sankalidziwa nkomwe. Kwa iwo anali Kapalepale basi. Nkhani zake zinali za pakhomo ndi za pantchito: mkamwini waulesi, ngongole yosabweza, mowa wothetsa malipiro tsiku limodzi, munthu wochenjera amene mapeto ake amakodwa mu msampha wake womwe. Ochita masewero a Chichewa a nthawi imeneyo kawirikawiri sankaloweza mawu olembedwa. Ankagwirizana mutu wa nkhani ndi mayendedwe ake, ndipo mawu enieniwo ankabadwira pamaso pa maikolofoni. Nchifukwa chake Chichewa chao chinkamveka cha pamsika ndi pachitsime, chosanunkha inki.

Luso limeneli tisalichepetse. Wa pa kanema ali ndi nkhope, manja ndi zovala zomthandiza. Wa pa wailesi ali ndi kholingo lokha. Ukalamba aumveketse ndi mawu, kuledzera ndi mawu, mantha ndi mawu, ndipo ngakhale bodza limene munthu wa m'seweromo akunena liyenera kumveka kuti ndi bodza, womvera aseke mnzake wa m'seweromo asanazindikire. Mbali yotsalayo ankaimaliza ndi womvera. Aliyense ankadziumbira Kapalepale wake. Wa ku Thyolo ankampatsa nkhope ya wachimani wina wa pafakitale, wa ku Dedza ankamuona ngati malume ake. Ine ndikuyesa ichi ndicho chifukwa chake chikondi cha anthu pa masewero ajawa chili chozama chotere: munthu amene amamkumbukayo anamuumba yekha ndi dothi la kwao.

Pali zinthu ziwiri zimene kukumbuka kokoma kumakonda kuzilumpha. Choyamba ndi chimene masewerowa sankanena. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo aliyense wa pa wailesi ankadziwa polekezera. Sewero linkatha kudzudzula wantchito wojomba, koma za kuchepa kwa malipiro a m'maesiteti, kapena za mabanja a ku Thyolo opanda polima pamene tiyi wangoti mbee mapiri onse, zimenezo zinalibe malo. Wothyola tiyi ankamva zofooka zake pa wailesi, osamva madandaulo ake. Chachiwiri ndi chinenero. Ana a m'malaini ankamva Chichewa kusukulu, kutchalitchi, ndiponso madzulo pa wailesi, kumene chinkabwera ndi nthabwala zokoma. Chilomwe chinatsalira kwa agogo. Sindikunena kuti wailesi yokha ndiyo inachititsa, pakuti Alomwe anayamba kusiya chinenero chao kale, pothawa chipongwe chimene ankachitidwa ngati alendo. Koma pamene Chilomwe chinkapatsidwa kamphindi pa MBC m'chaka cha 1996, ana ambiri a ku Thyolo anali atachita nacho chilendo.

M'zaka za m'ma 1980 kunadzuka mbadwo wina, ndipo patsogolo pake panali gulu la Kwathu. Pologalamu ya Sewero la Sabata Ino inanyamula mawu ao kufika nawo m'maboma onse, ndipo iwo anatsatira mawuwo ndi mapazi, kukachita zisudzo m'maholo ndi pa French Cultural Centre mu Blantyre. M'gulu limeneli ndimo munali John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko linawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Nthabwala zao zinkakhala pa kukangana kwa anthu awiri, wina akudziyesa wanzeru, mnzake akumpotozera mawu mpaka nzeruzo zitasanduka uchitsiru. Kwa anthu ambiri, tsiku loyamba kuwaona pa nsanja linali tsiku lodabwa, chifukwa nkhope zimene anaziona sizinali zimene anazisunga m'mutu. Pa zisudzo za Chingerezi panali Du Chisiza Jr, amene anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, nakhalako nduna ya boma mu 1993. Iyeyu anamwalira mu Febuluwale 1999, kutangotsala milungu yochepa kuti Television Malawi itsegulidwe. Munthu amene anadzaza maholo kuposa wina aliyense m'nthawi yake sanaione wailesi yakanema ya dziko lake.

Motero kanema atafika, sanachite kulera asangalatsi ake. Anakatenga okhwimakhwima ku wailesi ndi ku nsanja. Sewero limene linamanga mizu pa Television Malawi ndi Tikuferanji, lokonzedwa ndi bungwe la ADRA la mpingo wa Seventh-day Adventist, mpingo umene anthu a ku Thyolo amaudziwa bwino chifukwa cha mishoni ya Malamulo imene ili ku Makwasa kuyambira 1902. Michael Usi ankasewera ngati Manganya. Nkhani yake yaikulu inali Edzi, ndipo ku Thyolo imeneyo sinali nkhani ya m'sewero chabe. Maliro anali atachuluka m'malaini ndi m'midzi, kotero kuti madokotala a bungwe la MSF anayamba ntchito m'bomali mu 1997, nayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mu 2003. Apa sewero linanena poyera zimene mabanja ankangonong'onezana. Komabe ambiri a m'maesiteti Manganya anamdziwanso ndi khutu, popeza Tikuferanji ankamvekanso pa wailesi, ndipo magetsi anali kunyumba za mabwana ndi za makalaliki. Ngakhale pa kalembera wa 2018, nyumba imodzi yokha pa khumi m'dziko muno ndiyo inali ndi magetsi a ESCOM. Chimene chinafika msanga m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi Thekerani ndi tinyumba ta vidiyo, toonetsa mafilimu a nkhondo ndi a ku Nigeria, ndipo pambuyo pake mafilimu amene anyamata amawaikira mawu a Chichewa. Taonani, ngakhale pamenepo chokoka anthu ndi pakamwa pa womasulirayo.

Nanga anathera kuti asangalatsiwa? Ena kutchuka kunawatsegulira khomo la ndale. Bon Kalindo, amene anthu amamdziwa kuti Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa kummwera kwa Mulanje mu 2014. Michael Usi anakhala nduna mu 2020, ndipo Dr. Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa mu Juni 2024, iye ndiye anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kufikira chisankho cha 2025 chitachitika. Ngakhale ali pa mpando umenewo, anthu m'misika ankamuitanabe kuti Manganya. Koma awa ndi owerengeka. Ochuluka mwa amene tinkawamva aja zisudzo sizinkawadyetsa. Masana ankagwira ntchito zina, kuyeserera kunali kwa madzulo ndi Loweruka, ndipo maina ao ankangotchulidwa mothamanga kumapeto kwa pologalamu. Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Du Chisiza atamwalira nadzayambitsa gulu lake la Wanna-Do, anatisiya mu 2006. John Nyanga anamwalira mu 2016, ndipo Eric Mabedi anamtsatira mu 2021.

Awiri omalizawa anakhala ndi mwayi wojambulidwa, kotero kuti mdzukulu wa wothyola tiyi akhoza kuwaona lero pa foni yake. Za Kapalepale sizipezeka motero. Mnyamata wa ku Makwasa wofuna kudziwa m'mene ankayankhulira, njira yake yapafupi ndi kupempha agogo ake kuti amuyeserere, ndipo agogo awiri a laini imodzi adzamuyeserera mosiyana.