Anamanidwa Mpando, Koma Nawonso Anacedwa Kumvela Ena

M'caka ca 1974, mu mzinda wa Chicago ku America, kagulu ka akatswili ofufuza za khalidwe kanacita miting'i yakeyake cifukwa cokhumudwa. Bungwe lalikulu la akatswili a psychology m'cigawo cimeneco, Midwestern Psychological Association, silinali kuwapatsa mpata wokwanila wokamba zimene apeza pa misonkhano yake ya pacaka. Gerald Mertens na Israel Goldiamond anali pakati pa amene anasonkhanitsa anzawo. Kumeneko n'kumene kunabadwila bungwe limene masiku ano limachedwa Association for Behavior Analysis International, mwacidule ABAI. Mbili ya atsogoleli ake itionetsa mmene anthu amene anamvapo kuwawa kwa kutsekeledwa kunja angacedwele kumvela ena amene aimilila pa citseko cawo.

Tiyambe na nchito imene anthuwa amagwila. Sayansi yawo inazikidwa pa kafukufuku wa B. F. Skinner, amene mu 1938 anafalitsa buku la zimene anaona pa makoswe, ndipo pambuyo pake anagwilitsilanso nchito nkhunda. Mfundo yake ni yosavuta kumva: zimene zimacitika munthu akangocita cinthu n'zimene zimapangitsa kuti acibweleze kapena acileke. Khoswe akadina kacitsulo n'kugwa cakudya, adzadinanso. Ise tonse timaidziwa mfundoyi ngakhale sitinaiwelenge m'buku. Tikaika cithunzi pa Facebook anthu n'kucikonda, mawa timaikanso cina. Otsatila Skinner anayamba magazini yawo ya kafukufuku mu 1958, ndipo mu 1968 anayamba ina, Journal of Applied Behavior Analysis, yokamba za kugwilitsila nchito mfundozi pa anthu m'masukulu, m'zipatala na m'nyumba.

Msonkhano woyamba wa bungwe latsopanoli unacitika mu 1975, ku Chicago komweko. Poyamba linali na dzina la cigawo cabe, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 linali litakula, ndipo liwu lakuti Midwestern linacotsedwa. Atsogoleli oyamba anali anthu a mu labu na m'kilasi. Nathan Azrin, amene anaphunzila kwa Skinner ku Harvard, anadziwika cifukwa ca nchito imene anagwila na Teodoro Ayllon pa cipatala ca odwala maganizo ca Anna State ku Illinois. Kumeneko odwala anali kupatsidwa tumakobili twapadela akadzisamalila kapena akagwila kanchito, n'kugulila tumakobilito zimene afuna. Sidney Bijou, amenenso anatsogolelapo bungweli, anali katswili wa mmene ana amakulila. Kwa anthu amenewa, nchito ya bungwe inali kuteteza sayansi yawo na kuipatsa nyumba.

Kayendetsedwe kake n'kofanana na ka mabungwe ambili amene timawadziwa. Pali khonsolo yosankhidwa na mamembala, pali pulezidenti amene amasinthidwa kawilikawili, ndiponso pali ofesi ku Michigan imene imayendetsa zinthu tsiku na tsiku. Mu 1993 ofesiyo inaikidwa m'manja mwa Maria Malott. Amene amavota ni mamembala okwana, kutanthauza aja amene anafika patali na maphunzilo a sayansi imeneyi. Anthu amene sayansiyo imagwilitsidwa nchito pa iwo alibe voti. Mfundo imeneyi tiisunge, cifukwa tidzaipezanso kutsogolo.

Cenjezo linali litabwela kale bungwe lisanabadwe. Mu 1972 kunaululika nkhanza pa Sunland, malo osungilako anthu olemala m'maganizo ku Miami, m'boma la Florida. Anyamata anali kumenyedwa, kucititsidwa manyazi pagulu na kumanidwa cakudya, ndipo ocita zimenezi anali kukamba kuti akuwongola khalidwe. Komiti imene inafufuza nkhaniyi inapangitsa kuti Florida iike malamulo, kenako mayeso, kwa aliyense wofuna kugwila nchitoyi. Dongosolo la Florida ndilo linakula n'kukhala Behavior Analyst Certification Board, kapena kuti BACB, imene Gerald Shook anayambitsa mu 1998. Conco utsogoleli unagawikana. ABAI inakhala nyumba ya sayansi na misonkhano, pomwe BACB inatenga mphamvu yopatsa setifiketi na kuilanda. Mu 2007 kunabadwanso bungwe lacitatu, Association of Professional Behavior Analysts, loyang'ana zofuna za amene amagwila nchito na anthu tsiku lililonse.

N'cifukwa ciani mabungwe anaculuka conco? Yankho ni autism. Mu 1987 Ivar Lovaas wa pa yunivesiti ya California ku Los Angeles anafalitsa kafukufuku wa ana 19 amene anaphunzitsidwa maola 40 pa wiki. Iye anati ana 9 mwa iwo anafika pophunzila m'kilasi wamba popanda thandizo lapadela. Makolo anathamangila njilayi, ndipo pofika mu 2019 maboma onse 50 a mu America anali atalamula makampani a inshuwalansi kulipilila thandizo la autism. Sayansi imene inali kusowa cipinda ca msonkhano inasanduka bizinesi yaikulu. Makolo ambili amayamikila kuti ana awo anaphunzila kupempha madzi, kuvala okha na kuwoloka msewu mosamala. Koma ana aja anakula, ndipo ena mwa iwo anayamba kukamba zosiyana. Anati anaphunzitsidwa kumvela zilizonse, kubisa mmene alili na kuleka tuzizolowezi tumene tunali kuwakhazika mtima pansi. Mu 2006 anthu a autism anapanga gulu lawo, Autistic Self Advocacy Network, lofuna kuti nkhani zowakhudza zisamagamulidwe iwo kulibe.

Mkangano unafika pacimake pa nkhani ya sukulu imodzi. Judge Rotenberg Center ili ku Canton, m'boma la Massachusetts, ndipo inayambitsidwa mu 1971 na Matthew Israel, amenenso anaphunzila kwa Skinner. Pa sukuluyi ophunzila ena anali kuvala kamakina kamene kanali kuwachaya shoko ya magetsi pakhungu, wanchito akadina batani. Akuluakulu a sukulu, pamodzi na makolo ena, anali kukamba kuti iyi ndiyo njila yothela kwa anthu amene amadzimenyetsa mutu ku cipupa mpaka kutsala pang'ono kufa. Otsutsa anali kukamba kuti ni cizunzo. Mu 2012 khoti inaonetsedwa vidiyo ya mu 2002 ya mnyamata wa zaka 18 amene anamangililidwa pa thabwa n'kuchayidwa shoko maulendo 31 tsiku limodzi. Nthumwi ziwili za United Nations zoona za cizunzo, Manfred Nowak mu 2010 na Juan Méndez mu 2013, zinadzudzula mcitidwewu. Mu 2020 bungwe la boma loona za mankhwala, FDA, linaletsa kamakinako, koma mu 2021 khoti ya apilo inafafaniza ciletsoco, ponena kuti FDA inalibe mphamvu yoletsa m'njila imeneyo.

M'zaka zonsezi ABAI inalibe cigamulo coletsa shoko imeneyi, ndipo anchito a sukuluyo anali kukamba nkhani pa misonkhano yake. Oikila kumbuyo atsogoleli anali kunena kuti bungwe la sayansi siliyenela kutseka pakamwa wofufuza aliyense, ndiponso kuti umboni ndiwo uyenela kugamula, osati mkwiyo wa anthu. Maganizo amenewa si acabecabe, makamaka kwa bungwe limene linabadwa cifukwa comanidwa mpata wokamba. Koma kukhala cete nakonso kumakamba. Bungwe likapatsa munthu maikolofoni caka na caka, anthu akunja amaona ngati lavomeleza zimene amacita. Ndipo amene anali kumva ululu wa shoko ija sanali m'cipinda ca msonkhano.

Kusintha kunabwela mu 2022. Khonsolo inali itasankha komiti yofufuza nkhaniyi, ndipo pamapeto pake mamembala anapatsidwa zosankha ziwili. Coyamba cinali kutsutsa shoko koma kusiya kampata pa zocitika zoopsa kwambili. Caciwili cinali kuitsutsa pa cifukwa ciliconse. Mu November caka cimeneco zinadziwika kuti ambili asankha caciwili, ndipo cinakhala cigamulo ca bungwe. Apa n'kuti papita zaka 10 kucokela pamene vidiyo ija inaonetsedwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ni mnansi. Anthu a autism anali atatsina khutu kwa nthawi yaitali, ndipo mamembala wamba ndiwo anamaliza nkhani na mavoti awo.

Pali cigamulo cinanso ca atsogoleli a nchitoyi cimene cifika mpaka kwathu kuno. Kumapeto kwa 2019 BACB inalengeza kuti kuyambila pa 1 January 2023 idzapatsa masetifiketi atsopano kwa anthu okhala ku America na m'maiko ena owelengeka cabe. Inafotokoza kuti n'zovuta kuyang'anila anchito m'maiko amene ali na malamulo na zinenelo zosiyana, ndipo inalimbikitsa maiko ena kupanga madongosolo awo. Kwa wacinyamata wa ku Lusaka kapena ku Chipata amene afuna kuthandiza ana a autism m'njila imeneyi, citseko cimeneco n'cotseka malinga ngati akhala kuno. Izi zitanthauza kuti nchitoyi ikakula m'dziko lathu, funso la amene adzaiyang'anila, kulandila madandaulo na kulanga wolakwa lidzakhala lathu.

Ambili a ife tidzalowa m'mabungwe a nchito, kaya a manesi, a matica, a maloya kapena a mainjiniya, ndipo ena tidzakhala m'makomiti ake. Mbili ya ABAI itipatsa mafunso oyenela kufunsa tikafika kumeneko. N'ndani amavota? N'ndani amamva kuwawa cigamulo cikalakwika, ndipo kodi ali na njila yofikila pa tebulo? Nanga mnzathu wa nchito imodzi akapweteka anthu, timafulumila kuteteza ndani? Akatswili a khalidwe amaphunzitsa kuti cocita cimene sicibweletsa vuto kwa wocicita cimapitiliza. Lamulo limeneli siligwila pa makoswe na ana cabe. Limagwilanso pa makomiti.