Cigwa ca Nyanja Ziwiri

M'mapiri a Wicklow, kumwera kwa Dublin m'dziko la Ireland, muli cigwa cochedwa Glendalough, ndiko kunena Cigwa ca Nyanja Ziwiri. Kevin Woyera, amene mbiri iti anamwalira m'caka ca 618, anadza kuno kudzapemphera pa yekha. Koma anthu anamlondola, namanga mudzi wa mapemphero ndi maphunziro. Ankhondo a Viking anaufunkha kawirikawiri, ndipo Angelezi anaupasula m'caka ca 1398. Woyenda m'cigwamo lero apeza manda, makoma ogumuka a nyumba zopemphereramo, ndi nsanja yamwala yobulungira, msinkhu wace mafiti pafupifupi 100. Mudzi unafa, koma njira yace sinamere udzu. Makamu a alendo adzazabe malo amene Kevin anawasankha cifukwa ca bata lace.