Ulendo wa pa jahazi wokaona mabwinja a Kilwa

Dzina la Kilwa si lacilendo kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa ndi a kumalire kuno. Agogo athu ankalichula motsitsa mawu, popeza uko ndiko kunkathera njira ya anthu ogwidwa ukapolo. Koma Kilwa alipo atatu: Kisiwani pa cilumba, Kivinje ndi Masoko kumtunda, onse ku Tanzania. Wa pacilumba ndiye wakale kwambiri, ndipo ndiye amene ndinapita kukamuona, nkhondo ya ku Cabo Delgado ya 2017 isanayambe. Ndinakwera jahazi, ngalawa ya matabwa yoyenda ndi thanga limodzi, ku Mocímboa da Praia mwezi wa Julayi.

Mwezi sindinasankhe ndine, inasankha ndi mphepo. Kuyambira ca mu Epulo mpaka Seputembala kumawomba mphepo ya kusi, mbale wake wa mwera wathu, yokankhira ngalawa kumpoto. Ca mu Disembala imatembenuka n'kukhala kaskazi. Mbiri yonse ya Kilwa yatsamira pa mphepo ziwirizi. Amalonda a ku Arabia ndi India ankatha kufika pa Kilwa ndi kaskazi n'kubwerera kwawo ndi kusi caka comweco. Kupitirira mpaka ku Sofala kukanawagoneka caka cathunthu. Tsono eni Kilwa ankapita okha ku Sofala kukatenga golide wocokera ku mapiri a Zimbabwe, alendo aja n'kumamugulira pa Kilwa. Mzinda unalemera motero.

Amene munawolokapo nyanja yathu mungaganize kuti mukudziwa za pamadzi. Nyanja ya mcere ndi ina. Kwathu ludzu likakugwira umangotunga m'mbali mwa bwato. Uko madzi akuzinga mbali zonse koma sungamweko. Akumwa anali m'zigubu, ndipo nahodha, ndiye mkulu wa ngalawa, ankawagawa ndi kapu imodzi ngati mankhwala. Zosamba iwalani. Mcere umaumira pakhungu, milomo imang'ambika, kabala kakang'ono ka pacala sikapola.

Jahazi ilibe denga. Masana dzuwa, usiku mame ndi madzi owazika. Tinkagona pa matumba a katundu, mphemvu zikutiyenda kumaso. Pansi pa matumbapo madzi ankalowa m'ming'alu ya matabwa, akuda, onunkha nsomba zouma, ndipo anyamata ankasinthana kuwakapa usana ndi usiku. Cimbudzi ndi kabokosi kolendewera kunja kwa ngalawa ca kumbuyo, ndipo mafunde akakula munthu amayamba waganiza kawiri. Nsima ankaphikira m'bokosi lothira mcenga, makala ali pakati, mmodzi atagwira mphika kuti usagubuduke. Masiku awiri oyamba sindinaidye n'komwe, m'mimba munkangobweza.

Conditopetsa koposa sicinali mafunde ai, koma bata. Titapitirira pamene Rovuma amathira m'nyanja mphepo inafa, thanga n'kungoti lende. Tinakhala pamenepo kucokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nahodha sanadandaule. Anati: "Aphunzitsi, mphepo siitanidwa ndi nkhope yokwinya, khalani pansi." Pa ola limenelo ndinaganiza za anthu amene ankapanikizidwa pansi pa ngalawa zonga yomweyi, mazana awiri kapena kuposa, opanda ngakhale kapu ija.

Cimene munthu amayamba kuona pofika ku Kisiwani ndi Gereza, linga la m'mphepete mwa madzi. Ambiri amati ndi la Apwitikizi. Zoona, Francisco de Almeida analanda mzindawu mu 1505 namangapo linga, koma Apwitikizi anacoka mu 1512, ndipo makoma ambiri amene alipo lero anamangidwa ndi Aarabu a ku Oman ca m'ma 1800. Vasco da Gama anali atafika kale mu 1502 kudzakakamiza mfumu kupereka msonkho. Golide wa msonkhowo anasulira cotengera ca Ukaristia cochedwa Custódia de Belém mu 1506, ndipo cikali ku Lisboa mpaka lero. Golide wa kumtunda kwathu kuno, tinene.

Mzikiti waukulu ndiwo unandisowetsa mawu. Unayambika m'zaka za m'ma 1000, nukuzidwa m'ma 1300. Anaumanga ndi miyala ya korali yosema kucokera m'nyanja, yomatidwa ndi njereza yootcha kucokera ku korali yemweyo, denga lake lili mabakuli-mabakuli ovundikira pa nsanamira. Mkati muli kozizira ngati m'phanga. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafika muno mu 1331 nalemba kuti Kilwa unali umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri imene anaiona, pamene anali ataona kale Cairo ndi Damascus.

Mfumu imene anaipeza, al-Hasan ibn Sulaiman, ndiyo inamanga Husuni Kubwa, nyumba yacifumu pa phompho loyang'ana kunyanja, kum'mawa kwa mudzi. Zipinda zake zimaposa 100. Muli dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu, ndi bwalo lokhala ndi masitepe pomwe mfumu inkalandirira alendo. Ine, wosasamba masiku asanu, ndinaima nthawi yaitali pa dziwe loumalo. Ndalama ya mkuwa yokhala ndi dzina la mfumu yomweyi inapezeka ku Great Zimbabwe, umboni woti njira ija inalipodi. Akatswiri amati nyumbayi sinakhalidwe nthawi yaitali. Neville Chittick anaifukula pakati pa 1958 ndi 1965, ndipo mu 1981 UNESCO inaika Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse.

Pali nkhani ina yotikhudza ife mwacindunji. Wansembe João dos Santos, m'buku lake la mu 1609, anati ca m'ma 1587 Azimba ocokera ku Zambezi anaukira Kilwa napha anthu pafupifupi 3,000 n'kuwadya. Olemba mbiri ambiri amagwirizanitsa Azimbawo ndi Lundu, mfumu ya Amaravi a kumwera. Nkhondoyo mwina inacitikadi. Za kudya anthu ine sindizikhulupirira msanga: dos Santos sanali pa Kilwa tsikulo, ndipo Apwitikizi anali ndi cifukwa cokwanira coipitsira mbiri ya anthu amene ankalimbana nawo pa malonda a minyanga.

Golide atacepa, malonda anasanduka a anthu. Mu 1776 mfumu ya Kilwa inasainirana pangano ndi Mfalansa Jean-Vincent Morice lomupatsa akapolo 1,000 pa caka. M'zaka za m'ma 1800 msika unasamukira kumtunda, ku Kivinje, komwe m'ma 1860 kunkadutsa anthu ofika 20,000 pa caka. Ambiri anali Anyanja ndi Ayao. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja yathu pa ngalawa za matanga, kenaka ankayenda pansi m'magoli kudzera ku Mwembe, kwa Mataka, miyezi yathunthu.

Ku Kivinje ndinapita pa galimoto kucokera ku Masoko, ulendo wosakwana ola. Nyumba zosanja za amalonda aja zikugumuka, mitengo yamera m'makoma, asodzi amayanika maukonde pakhomo. Jahazi yathu inatsala ku Masoko kudikira kaskazi, ine ndinabwerera pa basi kudzera ku Mtwara.