Kusefa kwina, kutcheza kwina

Nkhani ya mayiko a m'chipululu amene amamwa madzi a m'nyanja yamchere ikamakambidwa m'Chichewa, ambiri amathamangira kunena kuti "amasefa madziwo". Mawuwa sandikhalira bwino, chifukwa amasokeretsa mwana wasukulu. Sefa imagwira mchenga ndi zitsotso, koma mchere wosungunuka umadutsa. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala magalamu pafupifupi 35 a mchere. Aseferenitu pansalu yoyera, adzatuluka owala koma owawa mchere monga kale.

Zimene Kuwait inayamba m'zaka za m'ma 1950, zimenenso zimachitika ku Jubail m'dziko la Saudi Arabia, n'zina: madzi amawiritsidwa, nthunzi imakwera, mchere umatsala, nthunziyo ikazizira imasanduka madzi abwino. Ntchito imeneyi ili ndi dzina lake m'chinenero chathu. Ndi kutcheza. Otcheza kachasu amaidziwa: mphika wotseka bwino uli pamoto, paipi yadutsa m'madzi ozizira, kumapeto kwake botolo likulandira madontho.

Wina ati, nanga chidulo sitimatcheza? Zoona, ndipo pamenepo madzi amangodontha kudutsa phulusa, moto palibe. N'chifukwa chake wolemba azimaliza mawu: kutcheza madzi kudzera mu nthunzi. Ndati nthunzi, osati utsi. Utsi umachokera ku chinthu chimene chikupsa, pomwe madzi sapsa.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa makina otcheza madzi amchere pogwiritsa ntchito kompresa. Ena amati makinawa "amafinya" nthunzi. Kufinya n'kwa chovala chonyowa kapena ndimu, ndipo womva amaganiza kuti madzi akukamidwa m'nthunzimo. Sizitero. Kompresa imapanikiza nthunzi, ndipo nthunzi yopanikizidwa imatentha kuposa madzi amene inachokerako. Ikatero imalowetsedwa m'mapaipi, kunja kwa mapaipiwo kukuyenderera madzi amchere. Nthunzi imapereka kutentha kwake ku madziwo, iwo n'kuwira, iyo n'kusanduka madzi akumwa m'kati mwa paipi. Nthunzi yatsopano imapitanso ku kompresa, n'kumazungulira choncho. Wotcheza kachasu amataya kutentha kumeneku, ndiye chifukwa chake amasinthasintha madzi oziziritsira akafunda, kwinaku akusonkhezera nkhuni. Makinawa sataya, motero akangoyamba safuna moto wambiri, amangodya magetsi oyendetsa kompresa. Komanso m'kati mwake mpweya umachepetsedwa kuti madzi awire pa madigiri 60 kapena 70, osadikira 100. Mawu akuti kupanikiza amanyamula zonsezi, pomwe kufinya kumaphunzitsa zolakwika.

Sindikuti mawu akuti kusefa achotsedwe pa nkhaniyi. Abale athu okhala ku Cape Town akukumbukira chilala cha 2018, pamene mzindawo unaika makina a kanthawi ku Strandfontein ndi ku Monwabisi. Amenewo sankawiritsa madzi. Ankawakankha ndi mphamvu yaikulu kuti adutse pa kachikopa kopyapyala kamene kamalola madzi koma kamakaniza mchere. Kumeneko tingati kusefa, bola tionjezere kuti n'kusefa mokankha, pa kachikopa kapadera, kuti wina asakayese ndi sefa ya ufa. Wolemba nkhani ayambe wafunsa kuti makinawo ndi a mtundu uti, awiritsa kapena akankha, kenako asankhe mneni.